Thupi ngati injini, thupi ngati batire

  Mukapeza mpata muwerenge 2 Mafumu 2:19-22 ndi Marko 5:25-34, pakuti ndime ziwirizi tizifikira m'kati mwa nkhani yathu.

Munthu akadwala m'banja, kawirikawiri pamabuka magulu awiri. Ena amati tipite naye kuchipatala akamupime, akaone chimene chawonongeka. Ena amati apa pali mphamvu ina imene yamulowa, kapena mphamvu yake yabedwa, tipite naye kwa wodziwa kuibwezera. Timakonda kunena kuti umenewu ndi mkangano wa ophunzira ndi osaphunzira, koma si zoona. Aphunzitsi, anamwino, ngakhale atsogoleri a mpingo amapezeka mbali zonse ziwiri, ndipo anthu ambiri amasintha mbali malinga ndi kukula kwa mantha. Kuseri kwa mkanganowu kuli maganizo awiri akalekale okhudza chimene thupi la munthu lili.

Ganizo loyamba limati thupi lili ngati makina. Ife a ku Kabwe, tauni ya njanji ndi mgodi, ganizo limeneli silitivuta kumva. Injini ya sitima ikaima, makaniko safunsa kuti yakwiyira ndani. Amatsegula, n'kuyang'ana chitsulo chimene chatha, paipi imene yatsekeka, mafuta amene alowa madzi. Ku Ulaya ganizoli linakula m'zaka za m'ma 1600. Mu 1628 dokotala wa ku England, William Harvey, anaonetsa kuti mtima umapopa magazi ngati mpope, ndipo magaziwo amazungulira thupi lonse n'kubwereranso. M'nyengo yomweyo René Descartes wa ku France anaphunzitsa kuti thupi likhoza kufotokozedwa monga timafotokozera wotchi. Wotsata ganizoli amafuna kudziwa chimene chalakwika, chimene chayambitsa, ndi njira yochipimira. Zipatso zake taziona ndi maso athu. Amene tinaliko m'zaka za m'ma 1990 tikukumbuka maliro a tsiku ndi tsiku, tikukumbukanso mmene anthu amene tinali titatayako kale mtima anadzukira ma ARV atayamba kuperekedwa ulere cha m'ma 2005. Mapiritsiwo safunsa mpingo wa munthu. Amatsekereza kachilombo kuti kasaswane, mwa wopemphera ndi mwa wosapemphera momwe.

Ganizo lachiwiri limati chimene chimapangitsa munthu kukhala wamoyo ndi mphamvu yosaoneka imene imayenda mwa iye. Mphamvuyo imachepa, imatsekeka, imabedwa, ndipo ikhoza kuthiridwanso monga timatchajira batire ya foni. Ku China amaitcha qi, ku India prana. Makolo athu nawonso ankati muzu pawokha sukwanira, umafuna chizimba choupatsa mphamvu, ndipo ankasamala za kutentha ndi kuzizira kwa munthu, za mdulo ndi tsempho. Masiku ano ganizoli lavala suti. Likugulitsidwa m'mabotolo a madzi ndi mafuta odzozedwa, m'zibangili ndi mikanda imene amati ikonza mphamvu za m'thupi, ndi m'kamakina kaja kolumikiza ku kompyuta, kamene umangogwira kachitsulo m'manja ndipo pakatha mphindi imodzi kakusindikizira matenda khumi ndi awiri, pamodzi ndi mtengo wa mankhwala ake.

Tisathamangire kuseka. Ganizo lachiwirili likanakhala lopanda kanthu, silikanakhalitsa chonchi. Limalankhula za munthu yense, za banja lake, za mantha ake, za funso limene wodwala aliyense amadzifunsa usiku lakuti chifukwa chiyani ine. Wochiritsa wotere amakhala ndi nthawi, amamvetsera, amakugwira dzanja. Akuluakulu pakati pathu akukumbuka khamu limene linkakhamukira kwa Arkibishopu Emmanuel Milingo ku Lusaka kuyambira mu 1973, mpaka pamene anaitanidwa ku Roma mu 1982. Kaya tiganiza zotani za utumiki umenewo, khamulo linali umboni wakuti anthu anali ndi njala imene mzere wa pachipatala sunkaithetsa.

Vuto limabwera pamene ganizoli linena zinthu zimene zingathe kuyesedwa. Ku Paris, mu 1784, mfumu inasankha akatswiri, mmodzi wa iwo Benjamin Franklin, kuti afufuze chiphunzitso cha Franz Mesmer, amene ankati muli mphamvu yonga ya maginito imene iye angaiyendetse mwa odwala. Akatswiriwo anamanga anthu m'maso. Anapeza kuti munthu amagwa ndi kunjenjemera pamene akukhulupirira kuti mphamvuyo ikumufika, ngakhale palibe chimene chikuchitika, ndipo samva kanthu pamene akumuchitira iye osadziwa. Patapita zaka zoposa 200, kamtsikana ka zaka 9 ka ku America, Emily Rosa, kanachita chimodzimodzi pa ntchito yake ya kusukulu. Kanaitana anthu 21 amene ankati amamva mphamvu ya thupi la munthu ndi manja awo osamukhudza. Kanaika chotchinga pakati, iwo napisa manja onse awiri, ndipo iko kankaika dzanja lake pamwamba pa limodzi n'kufunsa kuti lili kuti. Pa mayeso 280 anakhoza 44 peresenti, pamene wongolotera akhoza kukhoza theka. Zotsatirazo zinasindikizidwa m'magazini ya madokotala mu 1998. Ife amene tinagwirako choko nkhani imeneyi imatikondweretsa, chifukwa mwanayo sananyoze munthu. Anangofunsa bwino.

Koma ngati mphamvuyo sipezeka, nanga bwanji anthu amachoka kwa ochiritsa otere akunena kuti apeza bwino? Sakunama. Mu 2011 madokotala a ku Boston anayesa odwala mphumu m'njira zinayi: mankhwala enieni opopera m'kamwa, chopopera chopanda mankhwala, kubaya singano kongoyerekezera, ndi kungodikira osalandira kanthu. Atawafunsa mmene akumvera, njira zitatu zoyambazo zinafanana. Onse anati apezako bwino pafupifupi ndi theka, pamene ongodikira aja anapezako bwino pang'ono chabe. Koma atapima mpweya umene mapapo akutulutsa, mankhwala enieni okha ndiwo anatsegula chifuwa ndi 20 peresenti, ndipo njira zina zonse zinathera pa 7 peresenti. Taonani zinthu ziwiri pamenepa. Kusamaliridwa ndi kuyembekezera kumachepetsadi kuvutika kwa munthu, ndipo chimenechi si chabodza. Koma munthu akhoza kumva bwino chifuwa chake chikadali chotsekeka, n'kusiya mankhwala, n'kudzafa usiku. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tibwere kwathu, pakuti palibe tauni m'dziko lino imene nkhaniyi imaikhudza kuposa ino. Mu 1902 wofufuza miyala T. G. Davey anapeza mtovu ndi zinki pamalo pano, nawatcha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, tauni inakula, ndipo kwa zaka makumi ambiri ng'anjo zosungunula miyala zinkafuka usana ndi usiku. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu suola ngati chimanga kapena kuchita dzimbiri n'kutha ngati chitsulo. Unatsala m'dothi la m'makomboni oyandikana ndi mgodi, m'ngalande imene inkatulutsa madzi a mumgodi, ndi m'phiri la zotsalira lija timalitcha Black Mountain. Mu 2015 akatswiri a ku University of Zambia pamodzi ndi anzawo a ku Hokkaido ku Japan anasindikiza zimene anapeza atapima magazi a ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Mlingo wa mtovu amauwerenga m'ma microgram pa desilita imodzi ya magazi. Ukafika pa 5, a zaumoyo amati pachitike kanthu, ndipo ukafika pa 45 mwana amafunika mankhwala apadera. Pafupifupi ana onsewo anapitirira 5, ambiri anapitirira 45, ndipo mmodzi anapitirira 400.

Mtovu umagwira ntchito yake mwa njira imene ganizo la makina limaifotokoza bwino lomwe. Mwana amaseweretsa dothi, amaika zala m'kamwa, amapuma fumbi. Thupi limanyengeka, limauyesa kashiamu kapena ayironi, n'kuulandira. Thupi la mwana limatenga mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la wamkulu, makamaka ngati m'mimba mulibe chakudya kapena magazi ndi ochepa kale. Ukalowa umasokoneza kapangidwe ka magazi, umafika ku ubongo umene ukadali kukula, ndipo wotsala umakabisala m'mafupa ndi m'mano kwa zaka makumi. Mtsikana amene anaulandira ali wakhanda, akadzakhala woyembekezera thupi lake limatapa kashiamu m'mafupa kuti limange mwana, ndipo mtovu uja umatulukira pamodzi n'kufika kwa mwana wosabadwayo. Amayi oyembekezera amene amalakalaka dothi, kuno kwathu chilakolako chimenecho n'choopsa.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti mwana wotere nthawi zambiri saoneka wodwala. Amangochedwa kulankhula, sakhazikika m'kalasi, amaiwala lero chimene anaphunzira dzulo, sachedwa kupsa mtima. Kunyumba amamuti waulesi, ena amati anamubera nzeru. Mlingo ukakwera kwambiri amadandaula m'mimba, amadzimbidwa, amasanza, mwina amagwa n'kuphupha ngati wa khunyu. Ndipo akaphupha, agogo ndi anansi amati ziwanda. Apa m'pamene maganizo awiri aja amasiya kukhala nkhani ya pakhonde. Madzi a m'botolo sachotsa mtovu m'magazi, chibangili sichiuchotsa, kamakina kogwira m'manja sikauona n'komwe. Umaoneka pokhapokha magazi akapimidwa, ndipo umachotsedwa ndi mankhwala monga succimer, amene amaugwira ngati mbano n'kutuluka nawo mumkodzo. Sabata iliyonse imene mwanayo akuyendetsedwa kwina, mtovu ukupitiriza ntchito yake.

Tikanaimira pomwepa mukanati wowerenga mawu uja wasanduka wolengeza za chipatala. Koma ganizo la makina nalonso lili ndi malire ake, ndipo mtovu womwewu ndiwo umawaonetsa. Mu 2001 kafukufuku wa ku America wa ana 780, amene mlingo wawo unali pakati pa 20 ndi 44, anapeza kuti succimer anatsitsadi mtovu m'magazi, koma nzeru za anawo sizinasiyane ndi za amene sanalandire mankhwalawo. Chitsulo chotha mu injini umachichotsa n'kuika chatsopano, koma ubongo wa mwana ulibe sipeya. Ndiponso mwana amene wamwa mankhwala akabwerera pabwalo lomwelo la fumbi, mtovu umakweranso. Mu 2016 World Bank inavomereza ndalama zoposa madola 65 miliyoni zothandizira kukonza malo owonongeka ndi migodi, Kabwe ali m'gulumo, ndipo ana ambiri anapimidwa ndi kulandira chithandizo. Komabe palibe piritsi limene lingamwetsedwe ku dothi la komboni yonse, kapena kupatsa ntchito ina mnyamata amene amatola miyala paphiri lija kuti banja lidye. Ndipo mayi amene wauzidwa nambala ya mwana wake, namva kuti zina sizidzabwerera, safunika nambala ina. Afunika munthu wokhala naye pansi, woti amuuze kuti si iye analakwa, woti amuthandize kuona kuti mwanayo akadali ndi tsogolo ngati aleredwa moleza mtima. Ntchito imeneyi makina saidziwa.

Malemba akutipatsa njira yachitatu, ndipo tiyenera kuwawerenga mosamala chifukwa ogulitsa mphamvu amawakonda. Pa Marko 5 pali mayi amene anadwala nthenda yotaya magazi zaka 12, nawononga chuma chake chonse kwa ochiritsa. Anakhudza chovala cha Yesu, nachira, ndipo Yesu anazindikira kuti mphamvu yachoka mwa iye. Ogulitsa madzi amathera pomwepo, amati mwaona, mphamvu imayenda m'nsalu. Koma ikanakhala ngati magetsi a ZESCO, aliyense wogunda waya akanagwidwa, ndipo tsikulo khamu lonse linkamupanikiza Yesu popanda chochitika. Ndiponso nkhaniyo ikanathera pa kukhudza. Yesu anaima, anafunafuna nkhope ya mayiyo, anamulola kufotokoza zonse pamaso pa anthu amene ankamusala chifukwa cha nthendayo, namutcha mwana wake. Mayiyo anabwera kudzatapa mphamvu mobisa, ndipo anachoka atadziwidwa ndi kubwezedwa pakati pa anthu. Mphamvu ya Mulungu ndi Mulungu mwini wake akuchita chimene wafuna. Siikidwa m'botolo, ndipo Simoni wa ku Samariya atafuna kuigula ndi ndalama pa Machitidwe 8, Petro anamudzudzula kolimba.

Nkhani ya ku Yeriko imafanana ndi yathu mochititsa nthumanzi. Akuluakulu a mzinda anauza Elisa kuti mzindawo uli pamalo abwino, koma madzi ake ndi oipa ndipo akubweretsa imfa ndi kupita padera. Elisa sanawagawire zithumwa mmodzimmodzi. Anapita kugwero la madzi, kumene vuto linkachokera, nathira mchere, ndipo ulemu anaupereka kwa Yehova, osati kwa mcherewo. Momwemonso Yesaya, atauza Hezekiya kuti Mulungu wamva pemphero lake, analamula kuti aike nkhuyu zouma pachithupsa chake. Pemphero ndi mankhwala zinali m'chipinda chimodzi popanda kukangana. N'chifukwa chake mpingo wathu umadzoza odwala ndi mafuta monga Yakobo 5 akulangiza, osalipiritsa ngwee, ndipo mpingo womwewo unamanga chipatala cha St Francis ku Katete mu 1948. Mafuta a wansembe si mankhwala opikisana ndi a dokotala. Amauza wodwala kuti ali m'manja mwa Mulungu ndi m'manja mwa abale ake, kaya achira kaya sachira.

Tikaonetsetsa, maganizo awiri aja ndi pachibale kuposa mmene amadzionera. Onse amayesa munthu ngati chinthu choti katswiri achikonze, wina ndi sipanala, wina ndi tchaja, ndipo mwini thupi amangokhala chete kudikira. Izi zimaonekera bwino tikachoka pa matenda n'kufika pa kusintha kwa khalidwe. Tengani bambo amene mowa wamugwira. Wa mphamvu amati muli chiwanda cha mowa, chituluke usiku umodzi wa mapemphero, ndipo m'mawa adzakhala munthu watsopano. Bamboyo amagwa pansi, amalira, amachitira umboni, ndipo mwezi ukatha, malipiro akalowa, mapazi amamutengera okha njira yakale. Ndiye amati mwina chikhulupiriro changa n'chochepa, mwina chiwandacho chabwerera ndi anzake, napita kukafuna mneneri wamphamvu koposa. Wa makina amati ndi ubongo umene wazolowera, ndipo akunena zoona. Chizolowezi chili ndi nthawi yake, malo ake ndi anzake amene amachidzutsa. Womwa kwambiri akasiya mwadzidzidzi akhoza kunjenjemera, kuona zinthu kulibe, ngakhale kukomoka, ndipo ameneyo afunika chipatala msanga. Akatswiri a ku London, atatsatira anthu 96 amene ankaphunzira chizolowezi chatsopano chaching'ono, anapeza kuti ena chinawakhazikika pa masiku 18, ena chinafuna masiku oposa 250, ndipo pakatikati panali masiku 66. Ngati kuzolowera kumwa kapu ya madzi pa nkhomaliro kumatenga miyezi iwiri, nanga kusiya botolo la zaka makumi awiri? Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma kudziwa mmene chizolowezi chimagwirira ntchito sikupatsa munthu chifukwa chosiyira. Bamboyo ayenera kufuna, ayenera kuvomera pamaso pa mkazi wake ndi ana ake chimene wawachita, ayenera kukhululukidwa, ndipo akagwa ayenera kupeza anthu amene adzamudzutsa osamuseka. Gulu la Alcoholics Anonymous, limene linayamba ku America mu 1935, linamanga ntchito yake pa zinthu zomwezi: kuvomera, kudalira wamkulu woposa iwe, kubweza zimene unawononga, ndi kukumana kawirikawiri ndi anzako a vuto lomwelo. Mpingo uli nazo zonsezi kuyambira kale. Timalapa pamodzi Lamulungu lililonse chifukwa tikudziwa kuti kulapa kwa sabata yatha sikunatsirize ntchito. Tsono bambo ameneyu timupempherere ndithu, ndipo tsiku la malipiro mmodzi wa abambo a mumpingo amudikire pageti n'kuyenda naye njira ina yopita kunyumba.

Za ana athu ndi mtovu, ntchito ili m'manja mwa ife tonse, ndipo nyengo yoopsa ndi ya mphepo ndi fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Amayi, wazani madzi musanasese, ndipo m'nyumba kolopani ndi nsalu yonyowa m'malo mopukusa fumbi. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye, ndipo asapite kukasewera m'mimba muli zii, ngakhale phala lokha. Kapenta wodyera pamodzi ndi minga yake, nyemba, nkhwani, bonongwe ndi mkaka ukapezeka zimapatsa thupi kashiamu ndi ayironi kuti lisathamangire mtovu. Abambo ogwira ntchito kuphiri, zovala ndi nsapato za kuntchito zisalowe m'chipinda chogona ana, ndipo musambe musananyamule khanda. Mwana wosakwana zaka 6 amene akukhala pafupi ndi mgodi wakale, funsani ku kiliniki ya kwanu kumene angapimidwe magazi, ngakhale akuoneka wathanzi. Inu a Mothers' Union ndi achinyamata, yang'anani pabwalo la tchalitchi chanu pamene ana a Sande sukulu amakhala pansi. Ngati pali dothi lokhalokha, pezani kapinga ndi dothi labwino lochokera kutali ndi mgodi, mudzale mvula yoyamba ikangogwa.